Digiri ya Sayansi ndi Maphunziro a Biology pa Yunivesite: Mafunso ndi Mayankho kwa Ophunzira ndi Makolo a ku Mangochi

Mafunso ali m'munsiwa ndi omwe amafunsidwa mobwerezabwereza ndi ophunzira a ku sekondale, makolo awo, komanso omwe adalemba kale MSCE, kuyambira pa boma mpaka ku Namwera, Malindi, Makanjira, Chilipa ndi Monkey Bay. Zofunika pa pulogalamu iliyonse zimasinthako chaka ndi chaka, choncho polemba fomu muzikhala ndi chikalata cha chaka chomwecho cha National Council for Higher Education (NCHE), bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite, m'manja.

Kodi digiri ya sayansi imatenga zaka zingati?

Digiri yoyamba, yomwe pa satifiketi amalemba kuti Bachelor of Science, imatenga zaka 4 kwa munthu wolowa ndi MSCE. Chaka chilichonse chili ndi masemesita awiri, ndipo semesita iliyonse imatha ndi mayeso ake. Za udokotala ndi za uinjiniya zimatenga nthawi yoposa apo.

Ndi mayunivesite ati a boma komwe kuli maphunziro a Biology?

Biology yeniyeni, yophunzira zamoyo zonse kuyambira tizilombo tosaoneka ndi maso mpaka mitengo ndi nyama, ili ku University of Malawi ku Zomba, komwe ambiri timangoti ku Chanco. Komweko kulinso digiri ya uphunzitsi wa sayansi. Ku Mzuzu University (Mzuni) kuli uphunzitsi wa sayansi, za nkhalango, za usodzi ndi za Biomedical Sciences. Ku LUANAR, ku Bunda, Biology imaphunziridwa kudzera mu ulimi: mbewu, ziweto, zakudya, ulimi wa nsomba ndi usodzi. Ku MUST, ku Ndata m'boma la Thyolo, komwe kudatsegulidwa mu 2014, kuli Medical Microbiology ndi Immunology. Za chipatala zili ku Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS).

Makolo ambiri amasokonezeka ndi mayinawa chifukwa adazolowera akale. Mu 2021 University of Malawi idagawidwa patatu: Chancellor College idatsala ndi dzinalo, Polytechnic idasanduka MUBAS, ndipo College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zidaphatikizidwa kukhala KUHeS. Bunda idachoka kale gawoli lisanachitike.

Nanga kuno ku Mangochi kulibe komwe munthu angaphunzire osapita kutali?

KUHeS ili ndi kampasi pa boma, koma sikuti munthu amayambira pamenepo. Omwe mumawaona atavala zoyera pa chipatala chachikulu ndi ophunzira omwe adayambira kwina, ndipo amabwera kudzaphunzira za umoyo wa anthu m'midzi ndi kasamalidwe ka odwala pa chipatala cha boma. Ku Mpwepwe kuli Malawi College of Fisheries, yomwe imasula alangizi a za usodzi. Ku Monkey Bay kuli malo a kafukufuku wa nsomba a nthambi ya boma yoona za usodzi. Si sukulu, koma ndi malo abwino kupemphako atachimenti, nthawi yomwe wophunzira amakayeserera ntchito. Wofuna digiri ya Biology ku yunivesite ya boma akonzekere kusamuka, ndipo kufupi kwambiri ndi ku Zomba, podzera ku Liwonde.

Pa MSCE pamafunika chiyani kwenikweni?

Poyambira ndi makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi. Pa MSCE, 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi pasi wamba, 9 ndi kulephera. Ndiye 7 ya Chingerezi imatseka khomo ngakhale zina zonse zikhale ma 1.

Pa mapulogalamu a sayansi, pakati pa makirediti amenewo pamafunika Masamu ndi maphunziro a sayansi. Ambiri a Biology ndi za chipatala amatchula Biology, Chemistry ndi Physics, ndipo ena amaika malire akuti pa phunziro lakutilakuti giredi isapitirire pakuti. Omwe adalemba kale Physical Science isanagawidwe kukhala Physics ndi Chemistry awerenge bwino momwe chikalata cha chaka chimenecho chikunenera za iwo.

Nkhani imeneyi imayambira ku Fomu 3, posankha maphunziro. Mwana akasiya Chemistry kapena Physics pa nthawi imeneyo chifukwa anzake amuuza kuti n'zovuta, amakhala wadzitsekera yekha mapulogalamu ambiri a sayansi, ndipo amadzazindikira patatha zaka ziwiri akuyang'ana fomu. Makolo, funsani mwana wanu maphunziro omwe walembetsa, musadikire kuti zotsatira zituluke.

Ndidapeza mapointi 16 koma sadanditenge, pomwe mnzanga wa mapointi 19 adamutenga. Zidatheka bwanji?

Mapointi amawerengedwa kuchokera ku maphunziro 6 omwe mwakhoza bwino, kuphatikizapo Chingerezi. Tiyerekeze kuti muli ndi Chichewa 1, Agriculture 2, Biology 2, Geography 3, Chingerezi 4, Chemistry 4, Masamu 5 ndi Physics 6. Mapointi anu ndi 16, koma m'mapointi amenewo Masamu ndi Physics sizidalowemo n'komwe. Mnzanu wa 19 akhoza kukhala ndi 3 pa Masamu, Physics, Chemistry ndi Biology. Osankha anthu a pulogalamu ya sayansi amayang'ana maphunziro a pulogalamuyo, ndipo pamenepo iye ali patsogolo.

Chachiwiri ndi kasankhidwe pa fomu. Ambiri amadzaza mipata yonse ndi mapulogalamu omwe aliyense akulimbirana, monga udokotala ndi Pharmacy, osasiyako ngakhale umodzi wa pulogalamu yomwe magiredi awo angapikisane bwino. Ena amalemba pulogalamu yomwe sakukwanitsa zofunika zake, ndipo mpata umenewo umangopita pachabe. Kusankha potengera boma lochokera, komwe kunkatchedwa quota, boma lidalengeza mu 2020 kuti lakuthetsa, choncho musadalire kuti kuchokera ku Mangochi kukukwezani.

Biology ndimakhoza kwambiri, koma Masamu ndi Chemistry zimandivuta. Ndingakwanitse?

Ili ndiye funso lofunika kuposa onse pano. Biology ya ku sekondale munthu akhoza kuikhoza poloweza: ziwalo za duwa, mayendedwe a magazi, mayina a matenda. Ya ku yunivesite imafunsa chifukwa chake, ndipo yankho lake nthawi zambiri limakhala mu Chemistry kapena m'Masamu.

Onani zitsanzo. Ku sekondale mudaloweza kuti shuga amasweka n'kutulutsa mphamvu. Ku yunivesite, gawo loyamba lokha la kusweka kumeneko, glycolysis, lili ndi masitepe 10, lililonse ndi enzyme yake, ndipo simungalimvetse osadziwa momwe mamolekyu amalumikizirana. Kuti mumvetse chifukwa chomwe madzi a pH 6 alili ndi asidi wochuluka ka 10 kuposa a pH 7, pamafunika ma logarithm. Pa Genetics mukapeza mbewu 290 zazitali ndi 110 zazifupi, simungangonena kuti ndi 3:1. Mumayenera kuyesa ndi njira ya masamu yotchedwa chi-square kuti muone ngati kusiyanako n'kwamwayi chabe. Mu labotale akakuuzani kuti mukonze 500 ml ya ethanol wa 70% kuchokera mu botolo la 95%, mumawerengera nokha: 70 kuchulukitsa ndi 500, kugawa ndi 95, zomwe zikupereka pafupifupi 368 ml, kenako kuthira madzi mpaka pa mzere wa 500. Wolakwitsa pamenepa amaononga zinthu za gulu lonse.

N'chifukwa chake ophunzira ambiri okonda Biology amagwa ndi Masamu kapena Chemistry a chaka choyamba, osati Biology. Sitikunena kuti muleke. Tikunena kuti miyezi yodikira masankho, yomwe imakhala yambiri, muigwiritse ntchito kubwereza ma mole, kulinganiza ma equation, algebra, ma logarithm ndi ma graph. Buku la Additional Mathematics, ngakhale simudalembe phunzirolo, lidzakuthandizani kwambiri pokumana ndi calculus.

Sukulu yathu ndi CDSS yopanda labotale. Kodi sindikatsalira?

Masabata oyamba mudzavutikako, koma ndi vuto lomwe limatha msanga. Chomwe chimasiyanitsa ophunzira ndi manja, osati nzeru. Ngati pali sukulu yoyandikana nayo yomwe ili ndi zipangizo, pemphani kudzera mwa ahedi kuti mukagwireko maikulosikopu, burette ndi pipette ngakhale kawiri kokha.

Zolakwika za oyamba kumene n'zodziwika. Pa maikulosikopu muziyamba ndi galasi laling'ono, la x4 kapena x10, mupeze chithunzi, kenako mukwere. Mukafika pa x40 musakhudzenso chopotokola chachikulu, chifukwa galasi limatsika n'kuswa silaidi. La x100 limafuna dontho la mafuta ake, ndipo mafutawo asakhudze magalasi enawo. Poika kagalasi kophimbira, katsamiritseni kumbali n'kukatsitsa pang'onopang'ono. Mukangokagwetsa, mumatsekera timpweya tozungulira ta m'mphepete mwakuda, ndipo ambiri amatijambula poganiza kuti ndi ma cell. Pojambula gwiritsani ntchito pensulo yosongoka, musadetse ndi mithunzi, mizere ya mayina isapingasane, ndipo lembani kuti chinthucho mwachikulitsa kangati.

Nanga chaka chilichonse amaphunzira chiyani?

Mayina a makosi amasiyana malinga ndi yunivesite, koma kayalidwe kake n'kofanana. Chaka choyamba n'cha maziko: Biology, Chemistry, Physics, Masamu, luso la chiyankhulo ndi kalembedwe, ndi kompyuta. Biology ya chaka chimenechi imakhala ya cell ndi magulu a zamoyo.

Chaka chachiwiri mumayamba kulowa mkati: zomera, nyama zopanda msana ndi zamsana, Ecology, Genetics, Biochemistry, Microbiology ndi Statistics. Chachitatu ndi pomwe pamabwera kagwiridwe ntchito ka matupi a nyama ndi zomera, Parasitology, Entomology, Molecular Biology, zamoyo za m'madzi, ndi njira zochitira kafukufuku. Mapulogalamu ambiri amatumiza ophunzira ku atachimenti chakumapeto kwa chaka chimenechi. Chachinayi n'cha makosi ozama ndi polojekiti, yomwe tafotokoza m'munsimu. Omwe akuchita uphunzitsi amaonjezera makosi a kaphunzitsidwe ndipo amapita ku sukulu za sekondale kukayeserera kuphunzitsa.

Mawu akuti core, elective ndi prerequisite amatanthauza chiyani?

Core ndi kosi yokakamiza; popanda iyo digiri simulandira. Elective ndi yosankha nokha pa mndandanda womwe dipatimenti yapereka. Prerequisite ndi kosi yomwe muyenera kuikhoza kaye musanaloledwe kutenga ina yapamwamba pake, monga Organic Chemistry musanafike pa Biochemistry.

Apa ndi pomwe anthu amatayira chaka. Makosi ambiri amaphunzitsidwa semesita imodzi yokha pa chaka. Mukalephera prerequisite, kosi yotsatirayo imadikira, ndipo yomwe imadalira iyoyo imadikiranso. Posankha ma elective a chaka chachiwiri, yambani mwawerenga zofunika pa makosi a chaka chachinayi omwe mukuwafuna, kenako mubwerere m'mbuyo. Wofuna kudzachita za nsomba asathawe Statistics ndi zamoyo za m'madzi. Wofuna za matenda asasiye Chemistry msanga.

Ndigule chiyani pokonzekera labotale, ndipo malikisi amachokera kuti?

Khoti loyera la manja aatali, nsapato zotseka zala, kalikuleta ya sayansi, mapensulo a HB, rula ndi kope lachikuto cholimba. Ena amafunsanso kabokosi ka zida zotumbulira nyama, koma dikirani kaye mumve ku dipatimenti. Laputopu imafunika kwambiri kuyambira chaka chachitatu.

Malikisi a kosi amagawidwa pawiri: ntchito za m'kati mwa semesita ndi mayeso omaliza. Ntchito za m'katizo ndi timayeso, ma assignment ndi malipoti a mu labotale. Lipoti labwino limanena cholinga, njira, zomwe mwapeza, ndi tanthauzo lake. Zotsatira zikatuluka mosiyana ndi za m'buku, lembani zomwe mwaonadi ndipo mufotokoze chomwe chalakwika. Mwachitsanzo, pa Gram stain, njira yopaka mabakiteriya utoto pa silaidi, mukasiya alcohol nthawi yaitali, mabakiteriya oyenera kuoneka ofiirira ngati bilinganya amatuluka ofiira. Mukapaka mokhuthala, zimachitika mosemphana. Aphunzitsi amapereka malikisi pa kufotokoza kotero. Kukopera manambala a mnzanu kumagwidwa mosavuta ndipo chilango chake n'chachikulu.

Ndikalephera kosi zimatha bwanji?

Wolephera pang'ono amapatsidwa mayeso obwereza, omwe ophunzira amati sapu. Akalepheranso amabwereza kosiyo, kapena chaka chonse, ndipo wolephera makosi ambiri amachotsedwa sukulu. Malire ake ali m'buku la malamulo lomwe amapereka sabata yoyamba. Liwerengeni tsiku lomwelo. Mukadwala, kaya ndi malungo, kapena kukagwa zovuta kumudzi, dziwitsani ofesi mwa kalata mayeso asanachitike, ndi umboni wa kuchipatala ngati ulipo. Wongosowa osanena amalembedwa kuti walephera.

Polojekiti ya chaka chomaliza ndingachitire kwathu kuno?

Inde, ngati mphunzitsi wokuyang'anirani wavomera, ndipo pa nkhani imeneyi mwana wa ku Mangochi ali ndi mwayi womwe anzake alibe. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba mazanamazana yosapezeka kwina kulikonse, ndipo ndi chifukwa cha nsombazi, makamaka mbuna, kuti Lake Malawi National Park ku Cape Maclear idalowa m'kaundula wa UNESCO mu 1984. Chambo chomwe timangotchula ndi dzina limodzi ndi mitundu ingapo ya Oreochromis, ndipo kutha kwake mu nyanja ya Malombe ndi nkhani yomwe akatswiri a usodzi amaphunzira mpaka lero. Palinso likodzo: la m'chikhodzodzo limafala kudzera mu nkhono za Bulinus, ndipo mu 2017 ofufuza adapeza nkhono za Biomphalaria m'mbali mwa nyanja kuno ku Mangochi, zomwe zimafalitsa likodzo la m'matumbo. Onjezani udzudzu wa Anopheles, namasupuni mu Shire, ndi kaumitsidwe ka usipa pa thandala. Kudziwa Chiyao ndi Chichewa, komanso kudziwa kuyankhula ndi asodzi ndi a komiti ya pa doko, kumafupikitsa ntchito kwambiri.

Koma funso likhale laling'ono, loyankhika m'miyezi yochepa ndi ndalama zochepa. "Nsomba za m'nyanja ya Malawi" si mutu. "Kutalika kwa chambo chogwidwa pa madoko awiri m'miyezi itatu" ndi mutu. Ganiziraninso nyengo: mwera ukamaomba m'miyezi yozizira mabwato satuluka masiku ena, ndipo kumapeto kwa chaka nyanja imatsekedwa ku maukonde ena kuti nsomba ziswane.

Zomwe zimaononga mapolojekiti a nsomba n'zazing'ono. Nsomba yosungira kuyeza imaikidwa mu formalin wa 10%, kutanthauza gawo limodzi la formalin wa m'botolo ndi magawo 9 a madzi, kwa masiku angapo, kenako imatsukidwa n'kusamutsidwira mu ethanol wa 70%. Ikakhala yaikulu, ichekeni pang'ono pamimba mbali ya kumanja kuti mankhwala alowe, apo ayi imaola m'kati. Mbali ya kumanzere ndi yoyezera. Ngati mukufuna DNA, dulani kachidutswa ka chipsepse nsomba isanakhudze formalin n'kukaika mu ethanol wa 95% kapena kuposa, chifukwa formalin amaononga DNA. Chizindikiro chilembedwe ndi pensulo n'kuponyedwa m'botolo momwemo. Inki imasungunuka, ndipo chomata kunja chimamatuka pa minibasi. Formalin amapweteka maso ndi mphuno, ndiye gwirirani ntchito pa mpweya, mutavala magolovesi.

Za likodzo zili ndi malamulo ake. Mkodzo umatengedwa pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, nthawi yomwe mazira amatuluka ambiri, ndipo amasefa 10 ml. Koma musatenge mkodzo, magazi kapena mayankho kwa munthu aliyense popanda chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku, cha ofesi ya zaumoyo ya boma, ndi cha makolo ngati ndi ana. Dziwitsaninso amfumu ndi ahedi. Zilolezozi zimatenga masabata, choncho yambani msanga. Potola nkhono valani majombo ndi magolovesi, kuti musabwerere ku sukulu ndi matenda omwe mumafufuza. Kutenga chamoyo chilichonse m'paki kumafuna chilolezo cha nthambi yoona za nyama zakutchire.

Ndikachita digiri ya Biology ndingakhale dokotala, kapena kugwira ntchito mu labotale ya chipatala?

Ayi, osati mwachindunji. Udokotala ndi pulogalamu yakeyake ku KUHeS, ndipo wolowa ndi MSCE amayamba ndi chaka cha maziko asanayambe zaka za udokotalazo. Kuyeza magazi ndi makhololo a odwala kumafuna maphunziro a Medical Laboratory ndi kulembetsa ku Medical Council of Malawi. Wa digiri ya Biology akhoza kugwira ntchito mu labotale ya kafukufuku, kapena kudzapempha malo ku KUHeS pambuyo pake malinga ndi malamulo a chaka chimenecho. Musanalipire fizi pa pulogalamu iliyonse yomwe dzina lake likumveka ngati la chipatala, funsani ngati omaliza ake amalembetsedwa ndi bungwe loyang'anira ntchitoyo.

Fizi ndingaipeze kuti?

Bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board limapereka ngongole kwa ophunzira osowa. Ndi ngongole, imabwezedwa mukamaliza. Mumapempha mukasankhidwa, ndipo tsiku lotsekera likadutsa palibe kuchonderera. Ndalamayo imatha kuchedwa pomwe sukulu yatsegulidwa kale, choncho banja likonzeretu ya thiransipoti, lendi ndi chakudya cha masabata oyamba, poti malo ogona a pa sukulu sakwanira onse. Malo a ku yunivesite ya boma sagulitsidwa. Woimba foni kuti mutumize ndalama akuikeni pa mndandanda ndi wakuba.

Sadanditenge. Ndiye basi zathera pomwepa?

Ayi. Ngati chomwe chakugwetsani ndi phunziro limodzi kapena awiri, mukhoza kulembanso MSCE, koma muone kaye zomwe chikalata cha NCHE chikunena pa zotsatira za zaka zosiyana. Njira ina ndi dipuloma: ku Domasi kapena Nalikule pa uphunzitsi, ku Natural Resources College (NRC) pa ulimi ndi zachilengedwe, ku Malawi College of Health Sciences pa zaumoyo. Wa dipuloma akagwirako ntchito amatha kulowa digiri ngati wophunzira wamkulu, ndipo nthawi zambiri sayambira chaka choyamba. Mzuni ndi LUANAR zilinso ndi maphunziro a ODeL, ophunzirira kunyumba n'kumapita ku kampasi nthawi zoikika. Ma practical amachitika pa nthawi zimenezo, ndipo kujomba n'kutaya kosi. Pa yunivesite yomwe si ya boma, onetsetsani kuti NCHE idavomereza pulogalamu yeniyeniyo pa kampasi yomweyo, osati dzina la sukulu lokha, ndipo pitani mukaone labotale ndi maso anu.

Ndikamaliza ntchito ndikaipeza kuti?

Khomo lotseguka kwambiri ndi uphunzitsi, chifukwa aphunzitsi a sayansi ndi osowa m'sukulu zambiri za sekondale. Wa digiri ya sayansi yopanda za uphunzitsi amaonjezera satifiketi ya uphunzitsi. Kwina ndi ku nthambi za usodzi, nkhalango, nyama zakutchire ndi zachilengedwe, ku National Herbarium ndi Forestry Research Institute ku Zomba, ku Malawi Bureau of Standards, m'makampani a zakudya, madzi ndi ulimi wa nsomba, ndi m'mabungwe a kafukufuku wa zaumoyo monga Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre.

Malo amenewa ndi ochepa poyerekeza ndi omaliza maphunziro, ndipo pa intavyu amafunsa zomwe manja anu amatha. Pofika chaka chachinayi muzitha kusanthula manambala pa mapulogalamu a pa kompyuta a Excel ndi R kapena SPSS, kujambula mapu ndi GIS, ndi kulemba lipoti lomveka. Ntchito za kafukufuku ndi kuphunzitsa pa yunivesite zimafuna digiri yachiwiri, ndipo opereka thandizo la maphunziro amayang'ana magiredi a zaka zonse pa transcript, kuphatikizapo Masamu ndi Chemistry a chaka choyamba aja. Sungani kope la polojekiti yanu ndi kalata ya komwe mudachita atachimenti, chifukwa zimafunsidwa popempha malo.